Ndege Ikaima Chifukwa cha Mpando, Musanyoze Woyesa

Mu Okutobala 2025 kampani ya ndege ya ku Germany, Lufthansa, inayamba kuulutsa Boeing 787 yake yatsopano kuchokera ku Frankfurt. Kutsogolo kwa ndegeyo, m'chigawo cha anthu a matumba olemera chomwe amati kalasi ya bizinesi, munali mipando 28, yonse yonunkhira kufakitale. Koma yololedwa kukhalapo munthu inali 4 yokha. Ina 24 inkangowoloka nyanja popanda wokhalapo, chifukwa bungwe la ku America loona za chitetezo cha ndege, FAA, linali lisanaivomereze. Ndipo izi zinali zabwinoko, poti ndege zingapo za mtunduwu zinali zitakhala miyezi yambiri ku Charleston, komwe Boeing amazimanga, zili zokwanira mapiko, injini ndi penti yomwe, koma zosatheka kuperekedwa kwa mwini wake. Mkulu wa Boeing, Kelly Ortberg, ananena yekha kumayambiriro kwa chaka chomwecho kuti mipando ndi chimodzi mwa zinthu zochedwetsa ma 787. Air India nayo, yomwe mu 2022 inalengeza kuti iwononga madola 400 miliyoni kukonzanso mkati mwa ndege zake zakale, yakhala ikuzengereza pa chifukwa chomwechi.

Munthu akamva nkhaniyi amayamba waseka. Chimphona cha ndege kugonja kwa mpando! Akatha kuseka amafunafuna womuloza chala, ndipo wosavuta kumuloza ndi woyesa wa boma, amene amaoneka ngati kalaliki waulesi wokhalira mafayilo. Ine ndikuti chalacho chasokera. Pa malonda a mipando ya ndege pakati pa mayiko, chinthu chenicheni chomwe chikugulitsidwa ndi chikalata chotsimikiza kuti mpandowo sudzakupha tsiku la tsoka. Aluminiyamu, siponji ndi chikopa ndi zonyamulira chabe. Amene akufuna chikalatacho chizituluka msanga kuti ndege zisaime akufuna kutsitsa mtengo wa chinthu chokhacho chomwe chili ndi mtengo.

Ku Mchesi mu Lilongwe, komwe akalipentala amayala masofa m'mbali mwa msewu, mpando umayesedwa ndi matako. Umakhalapo, kudzigwedeza uku ndi uku, kusindikiza siponji ndi chala, kenako n'kuyamba kunenerera mtengo. Ukathyoka pakatha chaka umabwerera kwa mmisiri kukakangana naye, iye n'kukhomanso misomali iwiri, nkhani yatha. Mpando wa ndege ulibe mwayi wachiwiri wotere. Lamulo la ku America la mu 1988, lomwe mabungwe a ku Ulaya nawo amatsata chimodzimodzi, limati mpando wa mtundu watsopano umangidwe pa ngolo yothamanga panjanji, pakhazikidwe chidole cholemera makilogalamu 77, chimangidwe lamba, kenako ngoloyo iimitsidwe mwadzidzidzi. Liwiro lake si lalikulu ayi, ndi pafupifupi makilomita 48 pa ola, ngati minibasi ya m'tauni. Choopsa n'chakuti kuimako kumachitika munthu asanaphethire, moti mphamvu yokankhira chidolecho kutsogolo imafika kuwirikiza ka 16 kulemera kwake. Akatswiri amangoti 16g. Werengani nokha: munthu wamba amasanduka katundu woposa tani imodzi, ndipo timiyendo ta mpando topyapyala tija tiyenera kumugwira osazuka panjanji ya pansi. M'mutu mwa chidolecho muli tizida toyeza nkhonya yomwe mutu walandira pomenya mpando wa kutsogolo. Nambala ikadutsa 1,000, mpando walephera. Kuyambira Okutobala 2009 ndege zonse zatsopano zonyamula anthu m'makampani a ku America ziyenera kukhala ndi mipando yopambana mayesowa.

Palinso moto. Mu Juni 1983 ndege ya Air Canada inayamba kufuka utsi ili m'mwamba, n'kutera mwangozi ku Cincinnati. Inatera bwinobwino, zitseko zinatsegulidwa, koma pasanathe mphindi ziwiri moto unabuka mkati monse ndipo anthu 23 mwa 46 anafera momwemo. Chaka chotsatira FAA inalamula kuti siponji ya mipando izikutidwa ndi nsalu yotchinga moto, ndipo iziyesedwa ndi lawi la mafuta. Pa 2 Januwale 2024 Airbus A350 ya Japan Airlines inawombana ndi ndege ina pabwalo la Haneda ku Tokyo n'kupserera, koma anthu onse 379 anatuluka amoyo. Sikuti anawapulumutsa ndi mipando yokha, ogwira ntchito m'ndegemo anachita zazikulu. Komabe mphindi zomwe anapeza zotulukira zinagulidwa kale, m'zipinda zoyesera, ndi anthu omwe ntchito yawo ndi kuwotcha makushoni tsiku ndi tsiku n'kulemba zotsatira.

Tinaona kale zomwe zimachitika wopanga akaona kuti kuyesa kukumuchedwetsa. Mu Febuluwale 2010 unduna wa zamtengatenga wa ku Japan unaulula kuti kampani ya Koito Industries inakhala zaka ikunamiza boma pa zotsatira za mayeso a kulimba ndi a moto. Mipando pafupifupi 150,000, m'ndege pafupifupi 1,000 za makampani 32, inakhala yokayikitsa tsiku limodzi. Maoda anali atachuluka, masiku operekera katundu akuthina, ndiye anthu anasankha kukonza manambala m'malo mokonza mipando. Kunja inali yokongola ngati ina iliyonse, chikomekome cha mkuyu. Chotsatira chake, mu 2011 mabungwe a ku America ndi ku Ulaya analamula kuti mipandoyo iyesedwenso, yolephera ichotsedwe, ndipo Thai Airways inakhala ndi ma Airbus A330 atsopano oimikidwa ku France opanda mipando ya ekonome. Kuthamanga kuja sikunafikitse aliyense. Kuchedwa komwe ankakuthawa kunabwera, kochuluka kuposa poyamba, pamodzi ndi milandu m'makhoti.

Ndiye ngati woyesa salakwa, vuto lili pati? Mbali yoyamba ili pa chiwerengero cha opanga. Msika wonse wa dziko lapansi uli m'manja mwa makampani owerengeka pa zala. Atatu akuluakulu ndi Safran ya ku France, Collins Aerospace ya ku America ndi Recaro ya ku Schwäbisch Hall ku Germany. Awiri oyambawo anakula mwa kumeza anzawo. B/E Aerospace inagulidwa ndi Rockwell Collins mu 2017, ndipo chaka chotsatira Rockwell Collins nayo inamezedwa ndi United Technologies, n'kubadwa Collins ya lero. Safran inagula Zodiac Aerospace mu 2018, ndipo inaigula ikudwala: kuyambira 2014 Zodiac inkalephera kupereka mipando pa nthawi yake, antchito ake a ku Gainesville ku Texas ananyanyala ntchito, American Airlines inatopa n'kupita kwina, ndipo mkulu wa Airbus pa nthawiyo, Fabrice Brégier, anaidzudzula poyera. Kenako kunabwera Covid-19. Ndege zitaima mu 2020 mafakitale anachotsa amisiri ndi mainjiniya ambiri, ndipo anthu atayambanso kuuluka maoda anakhamukira ku mafakitale omwe anali atatsala ndi manja ochepa. Wosoka chikopa cha mpando wa ndege kapena injiniya wodziwa kulemba lipoti la mayeso samera ngati bowa mvula ikagwa.

Pali ena ang'onoang'ono, Geven ya ku Italy, Jamco ya ku Japan, Thompson ya ku Northern Ireland, Expliseat ya ku France yomwe imapanga mipando yopepuka kwambiri. Koma kampani ya ndege ikakhumudwa ndi mmodzi singangodzuka m'mawa n'kukagula kwa wina monga timachitira ndi ogulitsa tomato. Mpando uliwonse umavomerezedwa pa mtundu wake wa ndege, pa kayalidwe kake, ndi wailesi ya kanema yake yomangiriridwa kumsana. Kusintha wopanga ndiko kuyambiranso ulendo wa zaka.

Mbali yachiwiri, yomwe makampani a ndege sakonda kuitchula, ndi matama awo. Anthu ambiri amaganiza kuti Boeing kapena Airbus amagulitsa ndege ili ndi mipando yake, monga basi ya Marcopolo. Nthawi zambiri si choncho. Kampani ya ndege imasankha yokha mipando, makamaka ya kutsogolo, kulipira wopanga, ndipo wopangayo amaitumiza ku Toulouse, Hamburg, Seattle kapena Charleston, komwe ndege zimamangidwa, kuti ikaikidwe. Chiyambire British Airways kuika mipando yosanduka bedi m'kalasi ya bizinesi mu 2000, ndi Qatar Airways kuikamo zitseko mu 2017, aliyense akufuna mpando wachifumu wosafanana ndi wa mnzake. Lero mpando wa bizinesi ndi kachipinda: tiinjini tamagetsi togoneka ndi kudzutsa, chitseko chotsetsereka, kanema wamkulu, zotenthetsa ndi zoziziritsa msana, malo otchajira foni, tizidutswa masauzande ochokera kwa ogulitsa ambirimbiri. Umodzi wokha umadula ngati galimoto yapamwamba yatsopano.

Tsono chilichonse mwa zokometserazi chimabala funso latsopano kwa woyesa. Malamulo a 1988 analembedwa poganizira munthu wokhala moyang'ana kutsogolo. Mpando ukapendekera kumbali kuti mabedi akwane ambiri, thupi limapotoka mwa njira ina ndege ikamenya pansi, khosi ndi msana zimalandira mphamvu ina, ndiye pamafunika lamba wa paphewa kapena thumba la mpweya losokeredwa m'lamba, ndipo zimenezo ziyesedwenso. Ukaika chitseko, wina ayenera kutsimikiza kuti chikapindika pa ngozi munthu adzatulukabe, popeza lamulo limati ndege yonse ikhuthuke m'masekondi 90, theka la zitseko zotulukira m'ndegemo zili zotseka. Lufthansa inafika poika mitundu ingapo ya mipando m'kalasi imodzi yomweyo, wina wa bedi lalitali, wina wa malo ochuluka, wina wa pawindo wobisika, uliwonse ndi mtengo wake wowonjezera, ndipo ntchitoyo inagawidwa kwa opanga atatu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wapereka mayeso asanu m'malo mwa amodzi, kenako ukudabwa kuti mphunzitsi akuchedwa kuchonga?

Sindikunena kuti mabungwe a boma ndi angelo. FAA inachita manyazi aakulu pa nkhani ya Boeing 737 MAX, ndege ziwiri zitagwa mu 2018 ndi 2019, yachiwiriyo ya Ethiopian Airlines itangonyamuka ku Addis Ababa, ndipo anthu 346 anafa. Zinadziwika kuti bungweli linkasiyira Boeing ntchito yambiri yodziyesa yokha. Chichokereni pamenepo oyesa amawerenga tsamba lililonse kawiri, ndipo n'zoona kuti nthawi zina amafunsa zomwe anzawo a ku Ulaya, a EASA, anafunsa kale n'kukhutira. Apa opanga ali ndi mfundo. Mpando umodzi suyenera kuphwanyidwa pa ngolo ku Germany kenako n'kudikiranso miyezi kuti wina ku America awerenge lipoti lomwelo. Mankhwala ake ndi kulemba ntchito oyesa ambiri odziwa, ndiponso mabungwe awiriwa kugwirizana malamulo a mipando yopendekera ndi ya zitseko ntchito isanayambe, kuti wopanga adziwe chomwe adzafunsidwe. Kuchotsa funso lililonse pa mayesowo si mankhwala. Ndipo makampani a ndege atha kudzithandiza okha mawa lomwe: asankhe mpando wovomerezeka kale m'katalogi, asinthe mtundu wa nsalu ndi chizindikiro, ndege inyamuke. Ambiri apakati amachita zimenezi mwakachetechete ndipo simumva ndege zawo zitaima.

Pali chinthu china chomwe andale angawononge mosavuta kuposa oyesa, ndicho msonkho wa pachipata. M'buku la kasitomu la dziko lonse mipando ya ndege ili ndi nambala yakeyake, 9401.10, m'chaputala chimodzi ndi masofa ndi mipando ya kumalo ometera. Koma kuyambira 1 Januwale 1980 mayiko akuluakulu opanga ndege anagwirizana kuti ndege za anthu wamba ndi zipangizo zake zisamalipiritsidwe msonkho wolowera. N'chifukwa chake mpando umayenda mayiko ambiri usananyamule munthu. Tengani mipando ya zitseko yomwe Delta ya ku America inaika m'ma A350 ake mu 2017. Inapangidwa ndi Thompson ku Northern Ireland, kampani yomwe mu 2016 inagulidwa ndi AVIC ya boma la China, n'kutumizidwa ku Toulouse ku France kukaikidwa m'ndege, ndegeyo n'kuulukira ku America. Mpando umenewu ndi wa dziko liti? Wokhometsa msonkho akulanga ndani? Collins, kampani ya ku America, ili ndi fakitale yaikulu ku Kilkeel, katauni ka asodzi ku Northern Ireland komweko, pomwe Safran ya ku France ndi Recaro ya ku Germany zili ndi mafakitale ku Texas. Boma la Donald Trump litaika misonkho pa katundu wa pafupifupi dziko lililonse mu Epulo 2025, zipangizo za ndege zinakodwa nawo, ndipo pofika Julayi America ndi mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya anamvana kuti ndege ndi zipangizo zake zibwerere mwakale. Kubwerera msangako kukusonyeza kuti msonkhowo unkaluma mwini galu.

Tsopano tibwere kumbuyo kwa katani, komwe ambirife timakhala. Chaka china ndinauluka usiku wonse pa mpando wapakati, mzere wa kufupi ndi chimbudzi. Mawondo anga anagunda thumba la magazini ndisanamange n'komwe lamba. Bambo wa kutsogolo kwanga atagoneka mpando wake, kathebulo kanandifika pamimba, tiyi n'kutayikira pa thalauza lomwe ndinkayenera kulowa nalo pamsonkhano m'mawa mwake. Ndikuvomera, usiku umenewo ndinatukwana wopanga mpando mumtima. Koma wopanga sanalakwe. Iye amagulitsa mpando, ndipo amene amasankha kutalikirana kwa mizere ndi kampani ya ndege. Boeing 777 inayamba ndi mipando 9 pa mzere, lero ambiri amaikamo 10. Boeing 787 inalengezedwa ndi mipando 8 pa mzere, koma pafupifupi onse anaika 9, kupatula Japan Airlines pa maulendo ake akunja. Makampani otchipa amasiya masentimita 71 okha kuchokera pa mpando wako kufika pa malo omwewo a mpando wotsatira. Mpando wa ekonome wapyapyala mpaka ena amalemera makilogalamu osafika 10, poti kilogalamu iliyonse ndi mafuta owotchedwa tsiku lililonse kwa zaka.

Kupepukako sindikudana nako, kwatsitsa mitengo ya matikiti ndipo ambiri akuuluka omwe makolo awo ankangoiona ndege m'mwamba. Chondinyansa n'chakuti luso la mainjiniya ochepa omwe alipo, ndi nthawi ya oyesa ochepa omwe alipo, zikuthera pa zitseko za anthu 28 akutsogolo, pomwe ndege yonse, ndi anthu oposa 200 a kumbuyo, ikudikira. Ndege yatsopano ikachedwa, yakale yomwa mafuta ambiri imapitiriza kuuluka, ndege zobwereketsa zimakwera mtengo, ndipo ululu wake umafika mpaka kwa makampani ang'onoang'ono omwe sanayitanitseko chitseko ngakhale chimodzi.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imatikhudza. Malawi Airlines, yomwe inayamba kuuluka mu 2014 boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines 49, ili ndi ndege zowerengeka. Kampani yotere ikafuna mipando kapena zipangizo zake imaima kumapeto kwa mzere, kumbuyo kwa ogula ndege 100 nthawi imodzi, ndipo imalipira ndi madola omwe tonse tikudziwa mmene amasowera. Mphamvu yake ili pa kugulira limodzi ndi mnzake wa ku Addis Ababa ndi kukonzetsa kumeneko. Komanso ifeyo, omwe tilibe ngolo yoyesera mipando ngakhale imodzi, ndi amene timadalira kwambiri kuti chikalata cha FAA kapena EASA chikhale choona. Woyendera ndege wa ku Kamuzu kapena ku Chileka sangaphwanye mpando kuti aone kulimba kwake. Amaweramira pansi, kuwerenga kachitsulo komatidwa pa mwendo wa mpando, kosonyeza wopanga, nambala, tsiku ndi muyezo womwe unapambana, n'kuyerekeza ndi mapepala. Kachitsuloko kakanama, monga kananamira ku Koito, dziko lolemera lidzatulukira bodzalo m'chipinda chake choyesera. Ife tidzalitulukira pabwalo la ndege.

Ena amafunsa ngati Africa ingalowe nawo m'malondawa. Yalowa kale pang'ono, koma pakhomo la kumbuyo. Kufupi ndi Cape Town kuli fakitale ya AAT Composites, ya m'banja la Recaro, yomwe imapanga zidutswa zopepuka za mipando, ndipo Safran imapangira zina ku Tunisia. Palibe mwa awa amene anayamba ndi mpando wathunthu. Anayamba ndi chidutswa chimodzi, kuchipanga mofanana ka 1,000, chilichonse chili ndi pepala lonena komwe zipangizo zinachokera, amene anagwira ntchito ndi amene anayendera. Zovala za mipando, za nsalu kapena chikopa, zimatha ndi kusinthidwa kangapo ndege isanakalambe, ndipo imeneyo ndi ntchito ya telala. Atelala tili nawo, ena osoka bwino kwambiri. Chomwe fakitale yotere ingafune choyamba ndi kachipinda kovomerezeka kokhala ndi lawi la gasi, wotchi yowerenga masekondi 12, ndi munthu wolipidwa bwino amene angathe kuuza bwana wake kuti nsalu iyi yapsa mopitirira muyezo, katundu sachoka sabata ino.